Nkhumba ndi ma noodles pa mphindi 25: tithandizane miyeso ndi kaphikidwe

Nambewe (Chilomoni):
Mwaswera bwanji nonse. Funso langa ndi la chakudya chamadzulo cha masiku a ntchito, pamene munthu wafika pakhomo 6 koloko itadutsa ndipo ana akufunika kudya asanayambe kusinza. Amati nyama ya nkhumba ndi ma noodles zimapsa pa mphindi 25, koma m'makomo ambiri chimatuluka ndi nyama youma yovuta kutafuna, ma noodles ofewetsa omatana, ndi madzi odzaza pansi pa chiwaya. Odziwa tipatseni miyeso ya anthu anayi, choyambira ndi chotsirizira, komanso pomwe zimalakwikira.

Nachisale (Namiwawa):
Taswera achemwali. Mphindi 25 ndi zoona ndithu, koma pa chiwaya chakudyachi chimangokhalapo mphindi 8 kapena 10. Nthawi yotsalayo ndi ya mpeni. Choncho chiwaya chisakwere pamoto zonse zisanadulidwe.

Za anthu anayi mufuna nyama yopanda fupa magalamu 400 mpaka 500, ma noodles ouma magalamu 300, omwe ndi timapaketi tinayi ta aja ofulumira kupsa, kapena supageti wopitirira pang'ono theka la paketi ya magalamu 500. Masamba ake: kota ya kabichi wapakatikati, makaroti awiri, anyezi mmodzi wamkulu, girinipepa mmodzi, tizigawo tinayi ta adyo ndi jinja wa masentimita atatu. Mafuta onse pamodzi masupuni anayi odyera.

Mukangolowa m'khitchini, tsirani madzi malita awiri kapena atatu m'poto, vindikirani, ikani pamoto. Madzi akamatentha, dulani nyama mopyapyala, mamilimita atatu kapena anayi, mpeni uzidutsa mopingasa mizere ya minofu. Mukadula motsatira mizereyo, mano ndi amene adzagwire ntchito yomwe mpeni wasiya. Ikani m'mbale, thirani soya sosi supuni imodzi yodyera, madzi masupuni awiri ndi cornflour (ufa wosalala wa chimanga wa m'sitolo wokhuthalitsira msuzi) supuni imodzi. Kanyani ndi dzanja mpaka madziwo atalowa m'nyama, kenaka thirani mafuta supuni imodzi kuti zidutswa zisagwirane. Sambani m'manja, tsukani mpeni ndi thabwa ndi sopo, muyambe masamba. Karoti mudule timizere tating'ono, chifukwa wozungulira wokhuthala sapsa pa mphindi zinayi.

Msuzi sakanizani m'kapu: soya sosi masupuni atatu odyera, viniga kapena madzi a ndimu supuni imodzi, shuga masupuni awiri a tiyi, cornflour supuni imodzi ya tiyi, madzi theka la kapu. Mchere musathiremo. Za pamoto ndiwasiyire achimwene a Phiri, ndi amene amachidziwa chiwaya.

A Phiri (Ndirande):
Zikomo mayi. Madzi aja a pansi pa chiwaya gwero lake ndi limodzi: kukhuthula nyama yonse nthawi imodzi. Theka la kilo la nyama yozizira likagwa pa chiwaya, chitsulo chimazizira, nyama imatulutsa madzi ake, ndipo madzi akakhalapo kutentha sikupitirira madigiri 100. Pamenepo nyama ikuwira, sikukazingika. Kufiirira kumene kumabweretsa fungo lokoma lija kumayamba cha m'ma madigiri 140 kupita m'mwamba. Ndiye gawani nyama pawiri, kapena patatu ngati chiwaya n'chaching'ono.

Tenthetsani chiwaya chopanda kanthu mpaka dontho la madzi liziuma likangogwa. Thirani mafuta supuni imodzi, yalani gawo loyamba la nyama kuti chidutswa chilichonse chikhudze chitsulo, ndipo musaigwire kwa mphindi imodzi yathunthu. Ambiri amalakwitsa apa, amayamba kutakasa pompopompo poopa kupserera. Nyama ikafiira imadzimasula yokha pachitsulo. Tembenuzani, mphindi inanso imodzi, ichotseni muike pa mbale yoyera, osati ija inali ndi nyama yaiwisi. Dikirani chiwaya chitenthenso, gawo lachiwiri chimodzimodzi.

Kenaka mafuta otsala, anyezi ndi karoti mphindi ziwiri, kabichi ndi girinipepa mphindi zinanso ziwiri. Kankhirani masamba m'mbali, pakati muike adyo ndi jinja masekondi 30 okha. Thirani ma noodles, bwezerani nyama ndi msuzi wake wonse umene watsikira m'mbale. Takasaninso msuzi wa m'kapu uja, paja cornflour amadikha pansi, muuthire mozungulira m'mphepete mwa chiwaya. Tembenuzani ndi mafoloko awiri mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka msuzi utakhuthala n'kumata ma noodles, phulani.

Nangozo (Chitawira):
Achimwene, adyo bwanji akubwera mochedwa chonchi? Ambirife timayamba ndi anyezi ndi adyo.

A Phiri (Ndirande):
Pa ndiwo za msuzi zimatheka chifukwa moto ndi wapakatikati ndipo tomato amabwera msanga kudzaziziritsa poto. Apa moto ndi waukali. Adyo wosinja amapserera pasanathe mphindi, ndipo akapserera amawawa, chakudya chonse chimatengera. Palibe chokonzera kuwawa kumeneko, ngakhale shuga.

A Mbewe (butchala, Limbe):
Ndiyankhulepo za nyama, chifukwa kaphikidwe kangakhale kabwino bwanji, mukagula yolakwika simufika nayo. Pa butchala mukangoti "theka la kilo la nkhumba", amakupatsani yodula ndi chikwanje kapena makina, yosakaniza mafupa, chikopa ndi mafuta. Imeneyo ndi ya msuzi, imafuna mphindi 40 kapena ola. Ya chakudya ichi muzinena kuti mukufuna mnofu wokhawokha, chidutswa chimodzi chosadula.

Yofewa kuposa zonse ndi fillet, kamnofu kakatali ka m'kati mwa msana. Ilibe mafuta, ndiye mphindi ziwiri zikapitirira yauma. Ya pamsana, yomwe amadulapo ma chops, ndi yabwinonso koma nayo siichedwa kuuma. Ine ndimalangiza ya paphewa ndi pakhosi: ili ndi timizere ta mafuta m'kati, ndiye ngakhale ichedwe pang'ono pamoto imakhalabe yofewa. Ya pantchafu imapezeka mosavuta koma ndi yolimbirapo, imafuna kudula mopyapyala kwambiri. Ya pamimba, ya mizere ya mafuta ija, musaithirire mafuta ena. Iyambeni pa moto wapakatikati mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi kuti mafuta ake asungunuke, tsanulani ena m'kapu, otsalawo mukazingire masamba.

Chikopa chichotseni nthawi zonse. Sichifewa pa moto wa mphindi ziwiri. Chisungeni mufiriji, chidzalowe mu nyemba. Komanso nyama ikamaterereka pa mpeni, ikani mu firiza mphindi 20 mpaka 30, ilimbe pang'ono, mudzaona kudulika kwake.

Nambewe (Chilomoni):
Bambo Mbewe zikomo. Nanga ya pamsika, monga ya Ndirande kapena Chirimba, tiziyang'ana chiyani?

A Mbewe (butchala, Limbe):
Funsani ngati yapimidwa ndi alangizi a ziweto, ndipo onani chidindo. Mnofu ukhale wofiirira mopepuka, mafuta oyera olimba, wosanunkha, wosatererera. Wogulitsa acheke pang'ono mukuona. Mukaona timatuza toyera m'kati mwa mnofu, tokula ngati njere ya mpunga, nthawi zina tokulirapo, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Ndiponso kukamveka kuti kwagwa matenda a chigodola cha nkhumba m'dera, nyama yotchipa modabwitsa imachuluka. Chigodola sichigwira anthu, koma nkhumba yofa yokha si chakudya, ndipo kunyamula nyama yake ndi kumene kumafalitsa matendawa ku makola ena.

Nabanda (Nyambadwe):
Nditsirepo ndemanga pa timatuza timeneto, chifukwa anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Timatuzato ndi ana a nyongolotsi yaitali ya m'matumbo. Munthu akadya nyama yotero yosapsa, nyongolotsiyo imakulira m'matumbo mwake ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, madzi kapena masamba osatsuka, timatuza timakamera m'thupi la munthuyo, ngakhale mu ubongo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zoyambitsa khunyu. Ndiye kupsetsa nyama ndi kusamba m'manja zonse n'zofunika.

Nkhumba yapsa ikafika madigiri 63 m'kati n'kukhala mphindi zitatu isanadyedwe. Yogaya imafuna 71. M'makomo mwathu choyezera n'chosowa, koma apa ndi pomwe kudula mopyapyala kumathandiza kawiri: chidutswa cha mamilimita atatu chimapsa mpaka m'kati pa mphindi ziwiri, ndipo chimabwereranso pamoto pomaliza. Tengani chidutswa chokhuthala kuposa zonse, chidulani pakati. Chikhale choyera kapena chotuwa, chopanda malo onyezimira a nyama yaiwisi. Mukadula zidutswa zazikulu za kapado n'kumati mukazinga mphindi ziwiri, kunja kudzafiira m'kati muli mwaiwisi.

Chinanso, nyama musaitsuke pampopi. Madzi odontha amamwaza tizilombo pa sinki, mbale ndi masamba, pomwe moto ndi umene umatipha. Ngati ili ndi tizidutswa ta mafupa, pukutani ndi pepala la m'khitchini. Nyama yonyowa siifiiranso bwino.

Nangozo (Chitawira):
Tibwere ku ma noodles. Ine ndimaima ndi supageti. Aja a timapaketi amafewa msanga, ukangotembenuka aphwanyika.

Nachisale (Namiwawa):
Onse amatheka achemwali, kusiyana ndi nthawi. A timapaketi anaphikidwa kale ku fakitale n'kukazingidwa m'mafuta, n'chifukwa chake amapsa pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Okakazinganso aviikeni m'madzi owira mphindi imodzi ndi theka basi, angomasuka koma pakati pakadali polimba. Tsanulani, atsireni madzi ozizira kuti asapitirize kupsa, akhe bwino pa sefa, thirani mafuta supuni ya tiyi, sakanizani. Kupsa kotsalako adzamalizira mu msuzi pa chiwaya. Mukatsatira nthawi ya papaketi ndiye kuti apsa kawiri.

Supageti mumuchotse mphindi imodzi isanakwane nthawi yolembedwa, koma lawani, musangodalira wotchi. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, madzi kuno amawira pa madigiri 96 kapena 97, ndiye supageti amachedwerako pang'ono poyerekeza ndi zolembedwa papaketi. Woonda uja ndi amene amagwirizana ndi chakudya ichi. Musanatsanule, tungani kapu imodzi ya madzi ophikirawo. Ali ndi sitachi, ndipo chakudya chikauma pa chiwaya masupuni awiri kapena atatu amachimasula popanda kusukulutsa kukoma.

A Gama (Zingwangwa):
Pa kutsuka supageti ndi madzi ozizira pali otsutsa, amati umachotsa sitachi yogwira msuzi.

Nachisale (Namiwawa):
Akunena zoona pa supageti wa tomato yemwe amachoka m'poto n'kulowa mu msuzi nthawi yomweyo. Apa ma noodles amadikira mphindi zisanu kapena khumi pamene mukukazinga nyama, ndipo sitachi yomweyo ndi imene imawamatanitsa kukhala chibuma chimodzi. Msuzi wathu uli kale ndi cornflour wogwirira. Ngati muli ndi moto uwiri ndipo mwakwanitsa kuti supageti apse nthawi imene masamba akupsa, musatsuke, mutsanule n'kuthira pa chiwaya. Apo ayi tsukani.

A Gama (Zingwangwa):
Zamveka. Ndiwonjezere njira ya soda, yemweyu wa therere. Ma noodles ena a ku China ndi Japan amakhala achikasu ndi otanuka chifukwa pokanya ufa amathiramo madzi a mchere wa mtundu wa soda. Supageti amayandikirako mukathira soda supuni imodzi yodyera m'madzi malita awiri. Thirani madzi asanawire, ndipo poto akhale wamkulu chifukwa thovu limakwera kwambiri mukaika supageti. Amasanduka wachikasu ndi wotanuka. Pamenepa kutsuka n'kosakambirana, apo ayi mumva soda m'kamwa. Poto wa aluminiyamu amada m'kati ndi soda, bola wachitsulo chosachita dzimbiri.

Pa nyama soda amagwiranso ntchito, makamaka ya pantchafu. Kota ya supuni ya tiyi pa theka la kilo, mu zokometsera zija, mphindi 10 mpaka 15. Amachititsa kuti minofu isakungike kwambiri ikatentha, ndiye imasunga madzi ake.

Nabanda (Nyambadwe):
A Gama, pa nyama ndikuvomera koma muyeso usapitirire. Theka la supuni ya tiyi lokha, nyama imamveka sopo ndipo imaterera modabwitsa. Ya paphewa ndi fillet siifuna soda n'komwe. Ndipo m'madzi a soda aja musaphikiremo masamba, amawononga mavitamini ndi kuwafewetsa mopitirira.

Nambewe (Chilomoni):
Vuto lina ndi moto. Magetsi akathima madzulo timakhala ndi mbaula imodzi. Mphindi 25 zingatheke?

A Phiri (Ndirande):
Mbaula ndi imene imachita bwino kuposa hotipuleti pa chakudya ichi, chifukwa moto wake ndi waukali ndipo suzizira nyama ikagwa. Chochedwetsa ndi kuyatsa kokha, onjezani mphindi 10. Yatsani musanagwire mpeni, dzazani makala okwanira kuyambira pachiyambi. Kuwonjezera makala pakati pa kukazinga kumapha moto nthawi imene mukuufuna. Makala akayamba kugwira ikani poto wa madzi, ma noodles apse, tsanulani. Pofika nthawiyo makala onse afiira, gwedezani mbaula phulusa ligwe, khomo la mphepo likhale lotsekula, ikani chiwaya. Moto ukachuluka simungautsitse msanga, ndiye nyamulani chiwaya masekondi angapo n'kuchibwezera. Khalani ndi nsalu youma pafupi. Ndipo mbaula ikhale panja kapena pakhonde. Utsi wosaoneka wa makala umapha m'nyumba yotseka.

Pa hotipuleti ikani pa nambala yomaliza, chiwaya chikhale cha pansi pophwatalala kuti chikhudze mbale yonse, chitenthe mphindi zitatu kapena zinayi. Nyama gawani patatu, ndipo pakati pa magawo dikirani mphindi imodzi. Pa gasi palibe vuto, moto waukulu kuyambira poyamba. Mapani aja osamata musawatenthetse opanda kanthu pa moto waukali, utoto wake umawonongeka. Bola chiwaya chachitsulo wamba chochapa bwino, choumitsa pamoto ndi kupaka mafuta pang'ono mukamaliza.

Nasibeko (Bangwe):
Koma abale, popanda tomato? Kwathu kuno ndiwo yopanda tomato anthu aziti siinaphikidwe.

Nachisale (Namiwawa):
Tomato ndi madzi ambiri, mayi. Mukathira atatu osinja monga pa ndiwo, chiwaya chimazizira, kabichi amalobodoka, ma noodles amamwa madziwo n'kufufuma. Chikhala chakudya ndithu, koma china. Ngati pakhomo sangadye popanda, pali njira ziwiri. Thirani tomato wa m'chitini wokhuthala uja supuni imodzi pamodzi ndi adyo, akazingike masekondi 30, ndipo viniga muchepetse ndi theka chifukwa tomato ndi wowawasa kale. Kapena tengani tomato mmodzi wolimba, chotsani njere ndi madzi ake, dulani zidutswa zisanu ndi zitatu, muthire pa mphindi yomaliza kuti angofunda.

Nasibeko (Bangwe):
Ya chitini ija ndaimva. Nanga soya sosi akasowa? Kuno m'maokala sapezeka.

A Gama (Zingwangwa):
Amapezeka m'masitolo akuluakulu a m'tauni, ku Chichiri ndi ku Limbe, ndipo botolo limodzi limaphika kangapo. Onani cholembedwa: wopepuka ndi wamchere, ndiye wa miyeso imene aperekayi. Wakuda wokhuthala ndi wa mtundu, supuni imodzi ya tiyi yakwana. Mukathira masupuni atatu chakudya chimada n'kuwawirira. Akasowa, sungunulani kyubu imodzi ya msuzi m'theka la kapu ya madzi otentha, shuga supuni ya tiyi, ndimu, ndipo anyezi mumukazinge mpaka afiirire kwambiri kuti apereke mtundu. Sizifanana ndendende koma zimakoma. Ngati mukugwiritsa ntchito ma noodles a timapaketi, tizokometsera tiwiri mwa tinayi ta m'mapaketimo tikwana m'malo mwa kyubu.

Cornflour akasowa musathire ufa woyera wa nsima, umasiya timisere ndipo sukhuthala mosalala. Ufa wa tirigu pang'ono pa nyama umathandizako, ndipo mu msuzi gwiritsani madzi a supageti aja m'malo mwa madzi wamba.

Nabanda (Nyambadwe):
Pamenepa tisamale ndi mchere. Supuni imodzi yodyera ya soya sosi wamba ili ndi mchere wopitirira magalamu awiri. Masupuni anayi a m'chakudyachi akagawidwa kwa anthu anayi, aliyense wadya pafupifupi theka la magalamu asanu amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire pa tsiku. Ndiye sankhani chimodzi: soya sosi, kyubu, kapena tizokometsera ta m'paketi. Zonse zitatu pamodzi n'zoopsa kwa a BP, ndipo ana amazolowera mchere wambiri. Chakudya chikamveka chozizira m'kamwa, kawirikawiri chikusowa ndimu, osati mchere. Finyani pang'ono mutaphula, mulawenso.

Nangozo (Chitawira):
Masamba tingasinthe? Kabichi tsiku ndi tsiku ana amatopa naye.

Nachisale (Namiwawa):
Sinthani momasuka, muzingoyang'ana chimene chimachedwa kupsa. Chainizi ndi amene amagwirizana nazo kwambiri: patulani mapesi oyera ndi masamba, mapesi alowe limodzi ndi karoti, masamba alowe pa mphindi yomaliza. Repu ndi mpiru chimodzimodzi, koma mpiru umawawirira, onjezani shuga theka la supuni ya tiyi. Zitheba sizipsa pa chiwaya pa nthawi yochepayi. Ziponyeni m'poto wa supageti mphindi zitatu zomaliza, mutsanulire limodzi. Bowa wa m'sitolo akazingidwe payekha nyama ikangochoka, mpaka madzi ake aume. Masamba onse mukatsuka akhe, ngakhale kuwakutumula pa sefa. Onyowa amabweretsa vuto lomwe lija la madzi pansi pa chiwaya, ndipo amathethetsa mafuta.

Muyeso wake, masamba odula akhale odzaza manja anayi kapena asanu. Akachuluka kuposa apo akazingeni kawiri monga nyama.

A Phiri (Ndirande):
Tsabola musaike m'chiwaya ngati pali ana. Kambuzi mumudule payekha m'kambale, thirani ndimu ndi soya sosi pang'ono, akulu azidzithirira. Nali nayenso amachita bwino patebulo. Kambuzi akagwa pa chitsulo chotentha, utsi wake umatsokomoletsa nyumba yonse.

Nasibeko (Bangwe):
Funso la abambo a m'nyumba: chakudya chimenechi chimakhutitsa popanda nsima?

A Mbewe (butchala, Limbe):
Magalamu 300 kwa anthu anayi ndi a banja la akulu awiri ndi ana awiri. Ngati pali anyamata achisodzera kapena ogwira ntchito yamanja, phikani paketi yonse ya magalamu 500, msuzi muwonjezere ndi theka, ndipo posakaniza pomaliza gwiritsani poto wamkulu wophikira supageti uja, chifukwa pa chiwaya sizikwana. Nyama simukuyenera kuwonjezera. Mazira awiri omenya, okazinga payekha n'kuduladula, amakwaniritsa.

A Gama (Zingwangwa):
Chokhutitsa china ndi chiponde. Masupuni atatu odyera, sungunulani ndi madzi otentha a ma noodles theka la kapu, thiranimo soya sosi, ndimu ndi shuga monga kale, cornflour musaike chifukwa chiponde chimakhuthalitsa chokha. Chotsani chiwaya pa moto waukali musanathire, chiponde chimapserera msanga pansi. Chikalimba onjezani madzi supuni imodzi imodzi. Nsinjiro zaziwisi sizingalowe m'malo mwake, zimafuna kuwira mphindi khumi kuti fungo la uwisi lichoke. Ngati muli ndi mtedza wokazinga, usinjeni pang'ono muwaze pamwamba.

Nangozo (Chitawira):
Nyengo ya chiperoni mu June ndi July ndi bwino kuchisandutsa cha msuzi. Nyama kazingani monga anenera a Phiri, ichotseni. Pa mafuta omwewo anyezi, jinja wowirikiza kawiri ndi adyo, kenaka madzi otentha lita imodzi ndi kota, palani zomata pansi chifukwa kukoma kuli pamenepo. Soya sosi masupuni atatu, karoti, ziwire mphindi zisanu, chainizi mphindi imodzi, bwezerani nyama. Ma noodles aphikidwe padera ndipo aikidwe m'mbale za aliyense, msuzi uthiridwe pamwamba. Mukawaphikira mu msuzi amaumwa wonse ndipo umachita matope, makamaka wina akachedwa kudya.

Nambewe (Chilomoni):
Izi ndiye zathandiza. Chatsala ndi kukonzeratu. Kodi nyama ingadulidwe Lamlungu n'kumagwiritsa ntchito pakati pa sabata?

Nabanda (Nyambadwe):
Ingatheke, ndipo imachotsa mphindi khumi pa tsikulo. Dulani kilo imodzi, gawani m'majumbo awiri oyera, thiranimo soya sosi ndi mafuta, cornflour mudzathire tsiku lophika. Phwatalalitsani jumbo lililonse kuti lisapitirire masentimita awiri kukhuthala, tulutsani mpweya, ikani mu firiza. Lophwatalala limauma msanga ndipo limasungunuka msanga. Yophika Lolemba kapena Lachiwiri ingakhale mufiriji pashelefu ya pansi, m'mbale yovindikira kuti isadonthere zina. Ya Lachitatu kupita mtsogolo ikhale mu firiza.

Posungunula, tsitsirani mufiriji m'mawa, kapena viikani jumbo lotseka m'beseni la madzi ozizira mphindi 20 mpaka 30. Osaisiya patebulo tsiku lonse, makamaka kutentha kwa October. Kunja kwa nyamayo kumafunda tizilombo n'kumaswana pamene m'kati mukadali ayezi. Madzi otentha nawonso ayi. Ikasungunuka tsanulani madzi amene yatulutsa musanathire cornflour.

Magetsi akathima, firiji yosatsekulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, firiza yodzaza imapirira nthawi yaitali kuposa apo. Nyama ikasungunuka koma ikadali yozizira kwambiri, iphikeni tsiku lomwelo. Ikafunda, itayeni, ngakhale isanunkhe.

Nachisale (Namiwawa):
Msuzi wa m'kapu uja nawonso konzerani wa maulendo awiri m'botolo, umakhala mufiriji sabata yathunthu, kungogwedeza musanathire. Karoti ndi kabichi odula amakhala masiku atatu m'chidebe chotseka chokhala ndi pepala pansi. Anyezi, adyo ndi jinja dulani tsiku lomwelo, fungo lake limasintha akagona.

Ndikumbutsenso kuti pakakhala alendo kapena achibale achisilamu kapena a Seventh Day, ndondomeko yonseyi imayenda chimodzimodzi ndi chidali cha nkhuku kapena mnofu wa ng'ombe wodula mopyapyala. Afunseni kaye, chifukwa ena safuna n'chiwaya chomwe chimene chimakazingira nkhumba.

A Mbewe (butchala, Limbe):
Kwa amene alibe nthawi ya mpeni, gulani yogaya. Magalamu 400, yalani pa chiwaya chotentha, ipsinjeni ndi chipande, isiyeni mphindi ziwiri ifiire pansi musanaiphwanye. Siifuna cornflour kapena soda. Ipse mpaka pasakhale pofiira ngati nyama yaiwisi paliponse, mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Igulidwe pa butchala amene akugaya mukuona kapena amene amaisunga mufiriji, ndipo iphikidwe tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa yogaya imawonongeka msanga kuposa chidutswa chathunthu.

Nasibeko (Bangwe):
Zotsala zingapite kusukulu kapena kuntchito mawa lake?

Nabanda (Nyambadwe):
Zingapite ngati zalowa mufiriji pasanathe maola awiri chiphulireni. Ziyaleni m'chidebe chosazama kuti zizizire msanga, ndipo zidyedwe pasanathe masiku awiri kapena atatu. Potenthetsa, thirani madzi masupuni awiri pa chiwaya, vindikirani mphindi imodzi, tembenuzani mpaka nthunzi izituluka paliponse, ndipo tenthetsani gawo lokhalo limene lidyedwe, kamodzi kokha. Za mwana wa sukulu zilowe zili zotentha mu fulasiki ya chakudya imene mwayamba mwaitenthetsa ndi madzi owira. M'kabokosi wamba ka pulasitiki zisapitirire nthawi ya buleki. Ngati pakhomo palibe firiji, phikani zokwana usiku womwewo: kwa anthu awiri nyama magalamu 250, ma noodles 150, msuzi theka la muyeso uja, ndipo nyamayo imakwana pa chiwaya ulendo umodzi.